Tsiku Limene Dzira Linavoteredwa

Chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ana anakhamukira m'makalasi ngati ngumbi, ndipo aliyense wokhala ndi pepala la Fomu 4 anapatsidwa choko. Nester Chikadza wa kumapiri a Ntchisi anali mmodzi wa otoledwawo. Anamusula milungu iwiri yokha, basi n'kumuponya pa kasukulu ka kugombe, kufupi ndi Ngala. Sitandade 6, ana 90, pansi pa mtengo wa mango.

Lachitatu lina kunabwera woyendera sukulu, bambo Layson, munthu wosaseka ngakhale mutamugirigisha. Lipoti lawo ndilo likananena ngati Nester apite kukoleji kukaphunzira uphunzitsi weniweni, kapena abwerere kwawo kukasoka fodya. Tisanamizane, mtsikanayo ankaopa. Chidzukireni m'mawa anali asanaike kanthu kukamwa.

"Lero tiphunzira za nyanja," anatero Nester.

Kalasi yonse inafa nalo phwete. Za nyanja? Madamu omwewa, amene madzi akangowafika m'mawondo amayamba kuitana amayi awo? Ana a asodzi ati aphunzitsidwe nyanja ndi munthu wa kumapiri, abale inu!

"Osati iyi," anapitiriza, kuloza kugombe. "Nyanja yamchere, ngati ya ku Beira."

Useni, mnyamata wamtali amene anayamba kupalasa bwato asanadziwe kulemba a, anakweza dzanja. "Madamu, nyanja ilibe mchere. Timamwa tsiku ndi tsiku. Ikanakhala nawo, amayi akanamavutikiranji kukagula ku Dwangwa?"

Cholembera cha a Layson chinayenda papepala. Nester anatulutsa katundu wake: mabotolo awiri apulasitiki odula kukamwa, kapaketi ka mchere ndi mazira awiri. M'mabotolo onse munali madzi a m'nyanja yawo yomweyo, ofanana muyezo. M'botolo loyamba anaponyamo dzira, ndipo linamira mpaka pansi. M'lachiwiri anathiramo mchere, n'kuvundula, n'kuonjezeranso, mpaka atsikana akutsogolo anayamba kudandaula kuti mchere wotere ukanakoleretsa ndiwo za mwezi wathunthu. Kenako anaponyamo dzira linalo. Linalowa pang'ono, n'kubwerera pamwamba, lili yandayanda.

Nester anamwetulira, kudikira kuti anthu azizwe.

"Lasukusa limenelo!" Anali Sofiya, mtsikana wa zaka 16 amene ankagulitsa mazira ndi amayi ake pamsika. "Pepani madamu, akuberani. Ife timayesa m'beseni. Labwino limamira, lowola limayandama. Loyamba lija ndi labwino, ili tayani."

"Eeeh!" kalasi inavomera. Zimenezo ndani sankazidziwa?

"Ayi, ndi mcherewo," Nester anayesa kufotokoza, koma mawu ake anamira m'phokoso.

"Tivote!" anakuwa Useni. Masiku amenewo chilichonse ankavotera, ngakhale woti akafufute bolodi. "Ndi matipate ano, madamu. Amene akuti lasukusa, manja m'mwamba!"

Manja anati bii. Ena anakweza awiriawiri, kubera mavoti masanasana. Nester anacheukira kwa a Layson n'kuona akulemba mutu uli pansi. Manyazi anamugwira, kenako mkwiyo wodzikwiyira yekha. Mazira awiri! Akanagwiritsa limodzi lomwelo, palibe akanatsegula pakamwa. Tsono pa mkwiyo womwewo m'pamene nzeru inamufikira.

"Chabwino, mwapambana chisankho," anatero. "Sofiya, bwera kuno, iwe katswiri. Vuula mazira onse awiri uwasinthanitse. Losukusalo uliike m'madzi opanda mchere."

Sofiya anabwera monyang'wa, n'kuchita zimene anauzidwa. Dzira losukusa lija linamira ngati mwala. Labwino lija, loti iye mwini analiyamikira, linakwera pamwamba pa madzi amchere n'kukhala phee.

Sofiya anasinthanitsanso, kachiwiri, kachitatu. Analinunkhiza, analigwedeza pakhutu. Ena kumbuyo anayamba kunong'ona kuti anthu a ku Ntchisi si ocheza nawo.

"Palibe zitsamba pano," anatero Nester. "Vuula mazirawo, unyamule mabotolo onse awiri, lina dzanja ili, lina dzanja ilo. Ukumva chiyani?"

Sofiya anawayeza m'manja, nkhope itakwinyika. "Lamcherelo likulemerako."

"Ndi zomwezo. Mchere wasungunuka, koma sunapite kulikonse, uli momwemo. Madzi akalemera chonchi amakhala ndi mphamvu yokankhira zinthu m'mwamba. N'chifukwa chake panyanja yamchere munthu amayandama mosavuta kuposa pano."

Apa ndiye mzere unayambika, aliyense akufuna kunyamula, kulawa ndi kulavula. Useni anafunsa kuti pangafunike matumba angati a mchere kuti bwato la abambo ake lizinyamula usipa wochuluka osamira, ndipo anzake anamuyankha kuti usipawo uzivuuka wothirathira mchere. Belu linalira, koma palibe anachoka.

A Layson anatseka buku n'kumukodola Nester. Iye anasendera pafupi.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "phunziro ili ndinaliphunzitsa zaka khumi ndi ziwiri, la pabolodi lokhalokha. Dzira likuyandama pa mchere ndaliona lero. Ndipo povota paja, langa dzanja linatsala pang'ono kukwera." Anatsegulanso buku. "Dzina lanu lachiwiri mumalemba bwanji? Kukoleji safuna zolakwika pa kalembedwe."

Nester anatsegula pakamwa, koma panalibe chotuluka. Misozi ya chimwemwe inali lengelenge. A Layson anadikira, cholembera chili m'mwamba.

"C!" anakuwa Sofiya ali pamzere paja, botolo lili m'manja.

"H!" anayankha ana 90, n'kupitiriza chilembo ndi chilembo mpaka dzina lonse linatha, a Layson akulemba.