Tsiku limene a khansala ananyamula bokosi

Udindo wa wapampando ndinaupeza ndili kuchimbudzi. Tinali pamsonkhano wa gulu lathu la Tiyankhule ku Chikanda, ndinatuluka pang'ono, pobwera ndinapeza anthu akuwomba m'manja. Ndinawomba nawo. Kenako Dan, wophunzira wa pakoleji amene ndi mlembi wathu, anandiuza kuti akuwombera ine.

"Komuredi Felista, gulu lakukhulupirirani."

"Ukomurediwo uziitana anzako. Ine ndine mayi a Pempho."

M'gululi ine sindinalowere demokalase. Ndinalowera mlatho. Kumunsi kwa nyumba zathu ku Zakazaka kuli kamtsinje, ndipo mlatho wa matabwa umene unalipo unapita ndi madzi zaka ziwiri zapitazo. Mwana wanga Pempho amawoloka pamenepo popita kusukulu ku Masongola. Kamtsinjeko n'konyenga. Kuno kutha kukhala kuli dzuwa, koma mvula ikagwa kuphiri, madzi amangotulukira opanda odi. Dzinja latha anamugwetsa, chikwama chinapita, iyeyo anapulumukira bango. Tsopano unali Novembala, mitambo itayamba kale kukhala pamwamba pa phiri madzulo aliwonse.

Khansala wathu, a Justus, sapezeka. Ukapita ku ofesi kwawo amakhala atangotuluka kumene. Ukaimba foni amanong'ona kuti ali pamsonkhano, kumbuyo kukumveka mpira. Koma maliro saphonya. Amafika adzukulu asananole makasu, ndipo jekete lakuda limakhaliratu m'galimoto.

Gulu lathu nalonso lili ndi matenda ake. Misonkhano yambiri inathera pa mtundu wa matisheti, chifukwa mtundu uliwonse wooneka bwino uli kale ndi chipani chake. Tinatsala ndi wa bulawuni. Ine ndimasiya mandasi pamoto kudzamvera anthu ophunzira akukangana ngati ndife gulu kapena bungwe.

Maganizo a bokosi anabwera ndi Dan. Anaona pafoni kuti kwinako anthu akamachita zionetsero amanyamula bokosi la maliro. Lathu tilembepo kuti "Mlatho wathu, use mumtendere", tiyende nalo mpaka ku ofesi ya khansala.

"Bokosi saseweretsa," ndinatero. "Kumeneko n'kulaula."

"Ndi chizindikiro chabe, mayi wapampando."

Anavota, ndipo anandikumbutsa kuti wapampando savota. A Nickson, kalipentala wa m'gulu lathu, anabwereka bokosi limodzi, nati tisalikande chifukwa mwini wake alipo, kungoti sanakonzeke. M'kati tinaikamo matabwa owola a mlatho wakale uja.

Loweruka m'mawa tinakumana pa shedi ya a Nickson, anthu ochepa, monga mwa nthawi zonse. Pa WhatsApp timakhala khamu, pamsewu timakwana minibasi imodzi n'kutsala malo. Zikwangwani, matisheti ndi nsalu yolembedwa mawu aja, yoti tifunditse bokosi, zinali ndi Dan ku Chikanda. Tinadikira. Nditamuimbira anati ali m'njira, kutanthauza kuti akusamba. Dzuwa linali litayamba kuluma, ine kunyumba nditasiya zovala m'beseni.

"Tiyeni tizipita, atipeza."

A Nickson anadandaula za fumbi, ndiye ndinavula chitenje chapamwamba n'kufunditsa bokosi. Amuna ananyamula, ine patsogolo. Sitinayende patali, wina kumbuyo anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, chifukwa munthu ukasenza bokosi pakamwa sipabwera nyimbo ina.

Wakabaza woyamba anatsika panjinga n'kuvula chipewa. Wa pa okala anazimitsa wailesi. Nditacheuka ndinaona wina akuthyola masamba n'kuika pamsewu. Azimayi anayamba kutuluka m'mipanda akumanga maduku, ndipo mmodzi amene sindimudziwa n'komwe anayamba kulira mokweza, kulira kwa munthu wodziwa ntchito yake. Chiyambireni gulu la Tiyankhule linali lisanatsatidwepo ndi anthu ochuluka chonchija.

Mayi Magret, mtsogoleri wa amvano kutchalitchi kwathu, anandipeza ali wefuwefu.

"Mayi a Pempho, watisiya ndani? Bwanji uthenga sunafike?"

Pakamwa ndinatsegula ndithu kuti ndiwauze. Koma nthawi yomweyo ndinaona galimoto yoyera ikuima pambali pa masamba aja, munthu akutuluka mkono umodzi uli kale m'jekete.

"Ndikuuzani kutsogoloku, mayi."

A Justus sanafunse aliyense. Anamugwira paphewa mnyamata wakutsogolo, n'kulowa m'malo mwake, ngodya ya bokosi paphewa, nkhope itagwa bwino lomwe.

"Pepani mayi, pepani kwambiri. Anali munthu wabwino."

"Munkawadziwa?"

"Kwambiri. Tataya mzati m'dera lino."

"Eti."

Manda athu ali kutsidya kwa kamtsinje kaja. Maliro enieni amazungulira kumsewu waukulu pa lole. Pamphambano a Nickson anandiyang'ana, poti njira ya ku ofesi inali kumanja. Ine ndinakhotera kumanzere, kanjira kotsetsereka ka ana asukulu. Ku ofesi tikakatani, mwini ofesi tili naye?

Mvula inali itagwa kuphiri usiku, madzi ali ofiira, akuthamanga. A Justus anaima pagombe. Anayang'ana nsapato zawo, anayang'ana khamu limene linali kumbuyo. Munthu wofuna mavoti satula bokosi pansi anthu akuona. Analowa.

Madzi anafika m'mawondo, kenako m'chiuno. Pakati pali mwala woterera umene aliyense wa ku Zakazaka amaudziwa. Iwo sankaudziwa. Anapendama, bokosi linapendama nawo, chivundikiro chinatseguka. Azimayi anakuwa n'kuphimba kumaso. Atatsegula maso anaona matabwa owola akutsetsereka ndi madzi, limodzi ndi chitenje changa.

Nyimbo inafera pakamwa. Ndi nthawi imeneyo Dan anatulukira pamtunda, atakwera kabaza, n'kutambasula nsalu yake mozondoka.

Mayi Magret anayamba ndi ine.

"Mwatiliritsa matabwa? Ine ndasiya nyemba pamoto, ndalira mpaka mutu, kulirira matabwa?"

"Ndalakwa, mayi. Mukandiweruze Lachinayi."

"Tikuweruzanidi." Kenako anatembenukira kumadzi. "Nanga inu a khansala, si mumati munkawadziwa?"

Kuseka kunayambira kwa akabaza, kenako kunagwira gombe lonse. Mayi wolira uja ndi amene anaseka kwambiri. Mafoni anali m'mwamba. A Justus anali chiimire m'madzi, atakumbatira bokosi lopanda kanthu, poti a Nickson ankakuwa kuti lisapite.

Ndinatsikira m'mphepete.

"Pamene mwaimapo ndi pamene amawoloka mwana wanga. Iyeyo ndi wamfupi kuposa inu."

"Mayi wapampando, nkhani ngati izi timakambira ku ofesi."

"Ofesi ndi imeneyo. Tikumva."

Anayesa kupita kutsidya, koma uko kunali kutadzaza anthu ochokera kumadimba. Anayang'ana kuno, kuno kuli amvano atapinda manja. Pamaliro a khansala amapatsidwa mpata wolankhula, ndipo anthu anali atasiya ntchito zawo, sakanachoka osamva mawu. Analankhula. Anayamba ndi kupereka ulemu kwa mafumu ndi abusa amene panalibe, mano akugundana. Anati nkhani ya mlatho ili pamtima pawo. Wina anafunsa kuti mitengo ili kuti. Anati akambirana ndi ocheka matabwa kuphiri. Wina anafunsa kuti liti. Anati Loweruka likudzali.

Dan anafuna kuwerenga chikalata chathu cha madandaulo, cha masamba ambiri. Mayi Magret anamuletsa ndi dzanja.

"Iwe khala kaye chete. A khansala, Loweruka likadutsa, ife amvano tibwera kwanu ndi bokosi lomweli. Tidzayala mphasa pakhonde, tidzaimba mpaka kucha. Aneba anu adzabwera kudzapepesa akazi anu."

Atatero anthu anawapatsa njira. Anatuluka ndi nsapato imodzi.

Lachinayi amvano anandiweruzadi. Anandiimitsa kuvala yunifolomu mpaka Khirisimasi, ndipo anandipatsa ntchito yokolopa tchalitchi. Apongozi anga anatumiza uthenga kuchokera ku Phalombe kuti ndaitanira imfa pakhomo. A Nickson sandilankhula bwino mpaka lero, bokosi lawo linafufuma. Gulu linachita msonkhano wounika zionetsero, ndipo linagwirizana kuti njira yodutsa kumtsinje inali pulani ya komiti kuyambira pachiyambi. Ndinapempha kutula pansi udindo. Anati nkhani imeneyo sinali pa ajenda.

Mitengo sinabwere Loweruka. Inabwera Lachitatu lotsatira, Mayi Magret atadutsa kawiri pageti pa a Justus atanyamula mphasa. Inali ya bulugamu, yaiwisi, ndi matabwa a paini. Omanga mlatho anali amuna a m'dera mwathu momwemo. A khansala anabweretsa chikwangwani chokhala ndi nkhope yawo, chachikulu kuposa mlathowo.

Ndi wopapatiza, ndipo chogwirira chili mbali imodzi. Mvula yoyamba yamphamvu itagwa ndinatsika ndi Pempho m'mawa, madzi akuwomba pansi pa matabwa. Ndinamuuza kuti adikire. Ndinapita ndekha pakati, ine si munthu wochepa thupi, n'kudumpha. Unalira koma sunagwe. Ndinadumphanso.

"Amayi, anthu akuona."

"Aone. Woloka, ndipo usathamange."