Mudzi wa Pansi pa Damu

Chaka chimenecho mvula inaiwala njira ya ku England. Kapinga wa ku Victoria Park anapsa ngati wa mwezi wa Okutobala kumudzi, ndipo ku Evington, dera la mumzinda wa Leicester kumene Rozina ankakhala, anthu ankayenda akuyang'ana kumwamba.

Rozina anatsala ndi masiku atatu okha. Lachiwiri bambo ake, a Absalom, anali oti akwere ndege kubwerera ku Phalombe. Miyezi isanu anakhala pakhomo pake, akudya, akupemphera, akuseka ndi mdzukulu, koma za tsiku limene napolo anakokolola mayi ake a Rozina sanatchulepo ngakhale kamodzi. Rozina ankangodziwa zimene aliyense ankadziwa: mtembo sunapezeke, ndipo m'manda anaikamo thunthu la nthochi. Kumaliro sanathe kupitako. Ankalakalaka atamva kuchokera pakamwa pa munthu amene analipo, koma akati afunse, lilime linkalemera.

"Tiwatulutse m'nyumba muno," anatero mwamuna wake Moffat. "Munthu wakumudzi saulula zakukhosi atakhala pa sofa. Amaulula akuyenda."

"Bola kusakhale madzi," anayankha Rozina. "Mwaona mmene amazimitsira TV ikangoonetsa mtsinje."

Mwana wawo Michelle, wa zaka khumi ndi zisanu, ndiye anapeza chithunzi pa foni: chigwa china ku Peak District, nthaka yoyera yong'aluka paliponse, popanda mtengo ngakhale umodzi. Rozina atachiona anati chipululu ndi chimenecho, ndipo sanafunsenso zambiri.

Loweruka m'mawa ananyamuka ndi mabotolo a madzi ndi mandasi m'chikwama.

"Bambo, lero mukaona Kalahari wa azungu," anatero Moffat ali pa chiwongolero.

"Anthu awa! Ndi chipululu chomwe anachita kuitanitsa?" anayankha a Absalom, onse n'kuseka.

Galimoto anaisiya m'mphepete mwa nkhalango n'kuyamba kutsetsereka wapansi. Pansi pa mitengo ya paini nkhosa zinali lambalamba, zosafuna n'kudzuka komwe. Kenaka mitengo inangotha mwadzidzidzi, chigwa chija n'kutseguka patsogolo pawo.

Kunali zii. Nthaka inali itasweka m'zigamba zazikulu ngati mbale, ndipo kutentha kunkavina pamwamba pake mpaka mapiri akutsidya ankaoneka ngati akusambira m'mlengalenga. Anthu ochepa amene ankayenda kutali ankaoneka opanda miyendo. Rozina ankamva mapazi ake akuphwanya dothi, koma phokosolo linkamufika mochedwa, ngati la munthu wina amene akumutsatira pambuyo. Atayenda pang'ono anaona kamzere kobiriwira kakunyezimira pakati pa chigwa. Anali madzi. Chipululu chake chija chinali damu louma.

Michelle anali ataima pa chikwangwani, akuwerenga. Chichewa ankachimva bwino, koma poyankhula chinkamuthawa.

"Agogo, apa panali mudzi. Tchalitchi, sukulu, everything. Anaumiza dala kuti amange damu, madzi azipita ku Derby ndi ku Leicester. Kukauma ngati pano, umatulukanso."

Apa m'pamene Rozina anazindikira zimene wachita. Anathawa mtsinje wa pa TV n'kuwabweretsa bambo ake pamudzi womira.

"Ababa, sindimadziwa. Tiyeni tibwerere."

A Absalom sanatembenuke. Maso awo anali pa miyala yakuda imene inandanda kutsogoloko.

"Ndiye madzi ndakhala ndikumwa miyezi yonseyi amagona pamwamba pa nyumba za anthu?" anatero motsitsa. Kenaka anafunsa mdzukulu wawo, "Eni ake anawauziratu?"

"Eya, agogo. Anasamuka. Ndi manda omwe anawasamutsa."

"Anali ndi mwayi."

Anauyamba wopita ku miyala ija, ndodo ili m'manja. Moffat anamukodola Michelle. "Iwe wa everything, tiye tikawerenge nkhosa." Awiriwo anabwerera ku mthunzi.

Rozina anawatsatira bambo ake. Panali mizati iwiri ya chipata yopanda mpanda, masitepe atatu okwera kupita kumene kulibe kanthu, ndi maziko a nyumba, ofika m'maondo, okutidwa ndi matope ouma. A Absalom anazungulira mazikowo kufikira atapeza pamene panali khomo, ndipo analowera pomwepo, ngakhale akanatha kungolumpha paliponse. Anavula chipewa.

"Yathu ija inali yaikulu chonchi," anatero. "Kuchipinda kunali uku. Zenera apa, loyang'ana kuphiri."

Rozina anaima potero. Ankaopa kuti akangopuma mokweza, mawuwo athawa.

"Mvula inali itagwa masiku atatu. Masana a tsikulo tinamva phiri likulira ngati malole ambiri. Tinatuluka tonse awiri, ine ndi amayi ako. Tinafika mpaka pa mtengo wa mango wa kwa a Chilungamo, pamtunda paja. Tinali titapulumuka, Rozina."

Anakanda dothi ndi ndodo.

"Ndiye amayi ako anagwira pa chitenje, n'kuti foni yatsala pa zenera. Ndinati isiyeni. Iwo anati, 'Lero ndi Lamulungu, mwana aimba. Akatisowa sagona, ndipo mawa ali ndi odwala oti awasamale.' Ndinawagwira dzanja, koma unkawadziwa amayi ako. Anati, 'Ndisiyeni, inu miyendo yanu ndi ya nkhalamba.' Anatsika akuthamanga ngati mtsikana. Ndinawaona akulowa. Ndinawaonanso akutuluka, ataima pakhomo, foni ataikweza m'mwamba kundionetsa. Ankaseka."

Analoza pakhomo la miyala lija ndi ndodo.

"Nchifukwa chake ndinatseka pakamwa. Ndinati katunduyu ndisenze ndekha, mwana angamati anawapha ndi iye."

Rozina anakhala pamwala wotentha. Lamulungu limenelo anaimbadi, kasanu ndi kawiri, ali m'kachipinda kopumira kuntchito, ndipo anakwiya poganiza kuti mayi ake aiwalanso kutchaja. Ululu unabwera wonse, monga mmene bambo ake ankaopera. Koma unabwera ndi chinthu china. Kwa zaka ziwiri, akatseka maso ankangoona matope ndi thunthu la nthochi. Tsopano ankaona mayi ake ataima pakhomo, mvula ikuyenderera pankhope, dzanja lili m'mwamba. Kutentha kunkavinabe pakati pa miyala ija, ndipo pakhomopo panaoneka ngati pakugwedezeka nsalu.

"Anavala chiyani?" anafunsa.

"Chitenje cha Mvano, ndi juzi yofiira ija unatumiza."

"Kumutu?"

"Duku anali atataya pothamanga. Imvi zonse poyera. Akanadziona akanachita manyazi."

Rozina anaseka, misozi ikugwera pa dothi n'kuuma pomwepo. A Absalom anamuyang'ana mwamantha.

"Ndalakwa kukuuza?"

Rozina anapukusa mutu. Anasendera n'kuwasiyira malo pamwalapo.

"Khalani apa, ababa. Yambiraninso, kuyambira m'mawa mwake. Anadzuka nthawi yanji, anaphika chiyani, anakukalipirani za chiyani. Musadumphe kanthu."

Mkuluyo anatsamiritsa ndodo pa khoma, nakhala pambali pa mwana wake.

"Anadzuka akudandaula kuti nkhuni zanyowa," anayamba motero.