Riboni Idikire Magetsi

Moni nonse owerenga. Tiyamike Mulungu amene watisunga ndi moyo kufikira lero.

Ku ofesi yokonza mapulani a chuma cha dziko kunali mayi wina amene anzake ankamutcha Mayi Dikirani. Dzinali linabwera chifukwa cha fakitale ya nsalu imene inatsekedwa chuma chitagwa. Nduna iliyonse yatsopano inkapita kukaitsegula ndi riboni ndi sizasi, atolankhani n'kujambula. Magetsi akangoyamba kuzimazima makina ankapsa, zipata n'kutsekedwanso.

Mayi Dikirani anati zakwana. Pulani yawo inkati boma liyambe lakonza magetsi, alimi a thonje apeze mbewu ndi msika, achinyamata aphunzire makina, ndipo zonsezi zikhale lamulo kuti boma likasintha ntchito isaime. Fakitale idzatsegulidwe pomaliza.

Kunyumba nako sikunali mtendere. Mwana wawo wamwamuna, wodziwa zamakina, anali atalongeza chikwama kuti akafune ntchito kunja. Chinkakhala kuseri kwa chitseko, ndipo mayiyo akamasesa ankachilambalala. Alamu awo ankawaseka kuti, "Fakitaleyo tidzaiona tikuyendera ndodo."

Chisankho chitayandikira, nduna inawaitana. Riboni inali kale patebulo.

"Mayi, sabata yamawa tikutsegula. Anthu akufuna aone kanthu."

"Bwana, riboni aiona mokwanira. Chimene sanaone ndi nsalu. Mukatsegula tsopano, mwana wanga agwira ntchito mwezi umodzi, makina apsa, iye n'kukwera basi."

Mayiyo anatsika masitepe akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, akuganiza kuti ntchito yawathera. Koma riboniyo inabwerera m'kabati, ndipo pulani inapita ku nyumba ya malamulo n'kuvomerezedwa.

Zaka zotsatira zinali zowawa. Mnyamata uja anavomera kuphunzitsa anzake pa sukulu ya makina, koma chikwama sanachimasule. Mayi ake ankalimba mtima pokumbukira Yosefe wa m'Baibulo, amene anadzaza nkhokwe ena akudya ndi kuiwala.

M'mawa wina belu la fakitale linalira, ndipo mawa lake linaliranso. Malole a thonje anandandalika pachipata. Pamene nduna ina, ya boma lina, inabwera ndi sizasi, makina anali atalira kale chaka chathunthu osazima, ndipo riboni imene inadula inalukidwa momwemo, pa makina a mwana wa Mayi Dikirani. Alamu aja anabweradi ndi ndodo, koma anaikweza m'mwamba n'kuvina nayo.

Atafika kunyumba, mayiyo anapeza chikwama chili pamwamba pa kabati, mulibe kanthu. Anasesa kuseri kwa chitseko akuimba mokweza.

Ambuye akudalitseni inu owerenga, akupatseni kupirira, ndipo ana anu adye za ntchito ya manja awo ali pafupi nanu.