Chombo Chisanatere

Matenda a shuga atawalanda maso, Aphunzitsi anatsala ndi makutu ndi pakamwa. Pakamwapo mpamene panali mavuto. Munthu amene wakalamba akuchonga zolemba za ana a eni ndi inki yofiira sasiya chifukwa choti sakuona. Amangoyamba kuchonga anthu.

Ana akuluakulu anathawira kutali, moni wawo n'kumadzera pa foni. Pakhomo panatsala Mzime, womaliza kubadwa, amene ankagwira ntchito pa shopu yotayipa ndi kupanga fotokope. Akaweruka ankawawerengera bambo ake mabuku amene iwo ankawakonda kuposa ana awo omwe: nkhani yopeka ya anthu othawa dziko litauma, m'chombo chachikulu ngati tauni, kukasaka dziko lina kuseri kwa nyenyezi. Mabukuwo anali asanu. Wolemba wake anamwalira chombo chisanatere.

"Ndifa osadziwa ngati anafika," ankadandaula Aphunzitsi.

Mzime ankalemba nkhani kuyambira ali mwana, koma mawu akuti "wakhoza" anali asanawamvepo kwa bambo ake. Ankawalakalaka mpaka kuchita nawo manyazi, mayi wamkulu ndithu. Ndiye analemba yekha buku lachisanu ndi chimodzi, anzake akapita kukadya masana. Analisindikiza pa makina a abwana, kudula mapepala kuti afanane ndi mabuku enawo, n'kumata chikuto.

"Ababa, lomaliza lija latuluka," anatero. "Akuti analipeza m'kabati mwa malemuwo."

"Werenga," anayankha Aphunzitsi.

Mzime anawerenga masiku angapo. Aphunzitsi ankangomvetsera, mutu atapendeketsa, osadula mawu, osatsokomola. Kwa munthu ngati iwo kukhala chete kunali kuyamikira, ndipo Mzime anayamba kuimba posamba.

Loweruka kunabwera Ometa, mnzawo wakale amene ankadzawameta pakhonde. Ometa atawakulunga nsalu m'khosi, Aphunzitsi anaitana.

"Mzime, bwera nalo buku lija, Ometa amveko."

Mzime anabwera nalo. Anakhala pa sitepe n'kuwerenga pamene kaputeni wa chombo wachita khungu, mwana wake wamkazi n'kugwira chiwongolero. Anawerenga mokweza, monyadira.

"Ima pomwepo," anatero Aphunzitsi. "Mwamva, achimwene? Mabuku otsatizanawa amatero. Loyamba limakhala moto, lachiwiri makala. Pofika lomaliza, phulusa lokhalokha. Uyu wolemba mutu unali utatha. Anthu akulira tsamba lililonse ngati pamaliro. Injini zija waziiwala. Akungopempha kuti timumvere chisoni."

Ometa anaseka, lumo lili m'mwamba. "Mwina anali akudwala."

"Kudwala ayi. Zomaliza zimangokhala choncho, mphamvu zimakhala zitathera kwa zoyamba. Ngakhale ana. Woyamba wanga ndi dokotala. Womaliza ndi uyu, amajambula mapepala a anthu ena."

Ometa analeka kuseka n'kuyamba kusamala kwambiri khutu lakumanzere. Mzime anayang'ana tsitsi loyera limene linagwera pa tsamba lake. Manyazi anamuwotcha mpaka m'mapazi.

"Koma Ababa, mwina kutsogoloku likoma," anatero motsitsa.

"Iwe, maso okha ndiwo anafa. Pepala la buku likamatembenuka silichita phokoso. Lakoli likukhwakhwaza ngati la ku shopu kwanu, kununkha guluu. Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndimadikira kuti mwina lisintha. Iwenso ndinakudikira choncho."

Mzime anatseka buku, n'kukusa tsitsi lija ndi dzanja. Sanalire. Anawaperekeza Ometa mpaka pageti, anabwerera n'kuwaphikira bambo ake tiyi wopanda shuga monga mwa masiku onse. Bukulo analiika pansi pa mwendo wa tebulo umene unkagwedera.

Masiku anapita. Mzime akaweruka ankawapatsa bambo ake mankhwala, kuwatsegulira wailesi, n'kukakhala kuchipinda kwake. Aphunzitsi anayamba kusowa mtendere. Ankapapasa pa shelefu, kuwerenga misana ya mabuku ndi zala, kufika pa lachisanu n'kupeza mpata. Kunyada kunawatseka pakamwa kwa sabata ndithu. Kenako miyendo inatupa, mpweya unayamba kuvuta, ndipo m'mawa wina Mzime akuwamanga mabatani a malaya, anamugwira dzanja.

"Mwanawe," anatero, mawu atachepa ngati a munthu wopempha madzi. "Panatsala mutu umodzi, eti? Mtsikana uja anagwira chiwongolero. Ndiuze chabe. Anafika?"

Mzime anawayang'ana. Mutu womalizawo ankaudziwa pamtima, ndipo ankadziwa kuti ndi umene unamukomera kuposa yonse. Anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono n'kumanga batani la pakhosi.

"Sindikudziwa, Ababa," anatero. "Wolembayo anamwalira."