Dzina Pansi pa Kalata

M'chaka cha 2008, pa malo oyezera tiyi pa esiteti ina ya m'chigwa cha Honde, m'dera la Mutare, Hardlife, mtsogoleri wa anyamata a chipani, anamenya mayi Loness ndi mbedza ya sikelo chifukwa sanakweze chibakera iye atafuula mawu a chipani. Mano awiri anagwera m'dengu la masamba. Anthu onse anangozyolika.

Bambo Ezekieli, kalaliki wopuma ntchito wochokera ku Malawi, analemba kalata yopita ku nyuzipepala ina ya ku Mutare, kuti mnyamatayo achite manyazi.

"Lembani, koma dzina lanu musaikepo," anatero akazi awo, mayi Marita. "Atitenthera nyumba, ndipo ife tilibe mudzi wothawirako kuno."

"Kalata yopanda dzina ndi miseche, amayi."

Anasaina, nawonjezera nambala ya nyumba yawo ya m'komboni, monga anaphunzitsidwira ku mishoni.

Kalatayo inatuluka Lachinayi. Loweruka Hardlife anakwera pa lole m'katauni ka Hauna, nyuzipepala ili m'mwamba.

"Mwamva, makolo? Ku Mutare akundidziwa tsopano! Mkulu wina wa ku Malawi akuti ndine chilombo. Nanga minda yanu mukufuna ilonderedwe ndi nkhosa?"

Anthu anaomba m'manja, ena mwamantha, ena mokondwa ndithu. Akuluakulu a chipani, amene kale sankamudziwa n'komwe, anamupatsa galimoto namulonjeza mpando wa khansala. Pa msonkhano uliwonse ankawerenga kalatayo, khamu n'kumakula. Ku Samanga anaiwerenga mpaka mzere womaliza, nambala ya nyumba naitchula kawiri.

Hardlife anafika panyumbapo masana dzuwa lili paliwombo, iye ndi anyamata khumi. Bambo Ezekieli anatuluka atavala jekete.

"Ana inu, kwanu sanakuphunzitseni kuodira?"

"Odi, sekuru," anatero Hardlife akuseka, powatchula agogo m'chilankhulo chakwawo. "Linalemba ndi dzanja liti?"

Mkuluyo anatambasula lamanja. Anyamatawo analigoneka pa sitepe ya khonde, naliphwanya ndi njerwa katatu. Mayi Marita atadziponya pa amuna awo, anyamatawo anawakoka ndi tsitsi mpaka pabwalo. Anyamata ena analowa m'nyumba, nathira parafini pa matiresi. Utsi unayamba kutuluka pa mawindo, oyandikana nawo atatseka zitseko.

Hardlife anavula chipewa, nanjuta pafupi ndi mkuluyo, nalankhula mwaulemu wonse.

"Mukachira mulembenso, sekuru. Ku Harare sanandimvebe."