Chipata cha Dona Felizarda

Chipata chokhota cha m'munda wa maluwa chinagwa akwati asanatuluke m'tchalitchi. Mzati wakumanja unathyoka pansi penipeni, ndipo chonsecho, ndi maluwa ake oyanga omwe, chinagonera tebulo la makapu. Azimayi ophika anakuwa. Silasi, mmisiri amene anachikhoma zaka ziwiri zapitazo, anali ataima pomwepo, atavala jekete lake la pa Sabata.

Dona Felizarda, mwini nyumba ya alendo ya ku Chiwanga, ankakwatitsa mwana wake tsiku limenelo. Dona sanakuwe. Anawerama nagwira tsinde la mzatiwo, ndipo linanyenyeka m'manja mwake ngati chinangwa chovunda.

"A Silasi, mtengo wanji uwu?"

"Mango, Dona," anatero Silasi.

"Munandiuza kuti ndi mlombwa."

Anaterodi. Chaka chimenecho msewu wa ku Maniamba, kumene kumapezeka mlombwa, unali matope okhaokha, choncho Silasi anacheka mango wauwisi kuseri kwa nyumba yake, naukwirira ndi tinta, penti yoyera. A Lázaro, okhoma mabwato, anamupeza akuzika mizati namuuza kuti matsinde awawaule pamoto, awapake phula, awakhazike pamiyala asamamwe chinyontho. Silasi anaseka. "Iyi si ngalawa, madala, n'chokongoletsa chabe."

Tsopano a Lázaro omwewo anali pagulu la alendo. Ananunkhiza chidutswa cha mtengowo n'kuchitaya.

"Ukanaudzala bwenzi tikudya mango," anatero.

Anthu anaseka. Lea, mkazi wa Silasi, anatula mphika wa mpunga n'kulowa m'khitchini osacheuka. Silasi analakalaka Dona atamukalipira, koma iye ankangotola makapu osweka.

Silasi anavula jekete. Mothandizana ndi a Lázaro anamanga nsungwi zitatu n'kukolekapo maluwa otsala. Akwati anadutsa pansi pake atawerama, chifukwa chipata chansungwicho chinali chachifupi. Silasi sanadye nawo phwandolo.

Lolemba m'mamawa anaima pakhomo pa Dona, macheka atamangirira panjinga.

"Ndikukwera ku Maniamba kukafuna mlombwa weniweni. Ndikhoma china."

Dona anayang'ana machekawo.

"Khomani. Koma musapake tinta a Lázaro asanauwone mtengowo."

Silasi anali mmisiri wa zaka makumi awiri pantchito, ndipo palibe anamuyenderapo ntchito yake.

"Chabwino, Dona," anatero, nakankha njinga.