Pagolo Panalibe Atusaye

Atusaye anali atakoleka kale chikwama chake cha masewero a hoke paphewa pamene bambo ake, a Bonface, anatsekereza pakhomo ngati mlonda wa pabanki.

"Tula chikwamacho. Amuna awo a mayi Sabina atisiya ku Springburn. Tonse tikakhala kumaliro mpaka Lamulungu."

"Adadi, mawa ndi fainolo! Timu ya ku Ireland yafika kale. Pagolo pakaima ndani?"

"Glasgow yonseyi, mwana womanga zimatilesi m'miyendo ndiwe wekha?"

Komatu a Bonfacewa hoke ankaikonda kuposa tiyi wam'mawa. Mipikisano ya mayiko yakalekale anailoweza pamtima, ndipo ina ankainyoza koopsa. "Chikho cha chaka chimene chija n'chamalata," ankatero. "Akatswiri sanapiteko, makalabu awo anawakaniza."

Akazi awo, a Esther, anaseka uku akupinda zitenje. "Abambo, ndiye lero kalabu yokaniza anthu ija ndinuyo?"

"Maliro si kalabu, amayi. Tsiku lathu likadzakwana, adzatiphikire ndi a ku Ireland?"

Atusaye anatsitsa chikwama chija paphewa. Mayi Sabinawo ndi amene ankamubereka kumbuyo ali khanda, makolo ake ali kushifiti. Anakankhira chikwama kuseri kwa chitseko, n'kumanga chitenje.

Loweruka lonse anatsuka mbale ndi kugawa tiyi kwa amayi a Mvano amene ankaimba pabalaza. Foni inkangonjenjemera m'thumba. Ataisuzumira masana, anapeza kuti kamtsikana kamene kanaima m'malo mwake kamwetsedwa zigoli zisanu.

Lamulungu ali m'basi, a Bonface anawerenga pafoni kuti mpikisano wa chaka chino unali wozizira chifukwa timu ya Glasgow inalibe wapagolo wake wodalirika. Za maliro olemba nkhaniwo sanalembepo ngakhale liwu limodzi.

"Anthu awa amangolemba osafunsa," anang'ung'udza. Kenako anacheukira mwana wawo. "Nanga kochi wati bwanji?"

"Wati pepani ndi zovuta. Koma masewero akubwerawa ndikhala pabenchi."

Lolemba a Bonface anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kupita okha kwa kochi kukapepesa mwachikwathu, chipewa chili m'manja, mawondo atapinda pang'ono. Mzunguyo anadabwa, anayesa mkuluyu wamva kupweteka kwa msana, n'kuwathamangira ndi mpando. Anawapatsanso tiyi ndi bisiketi, n'kuwamvetsera mpaka pomaliza.

Koma pabenchi paja Atusaye anakhalapo ndithu, bambo ake ataima kumbuyo kwake pamvula, atamugwirira ambulera.